Ndi cha Amayi Anga

Ntchito yanga yoyamba ku Amereka anandipezera Mayi Nachisale, amene ndinkagona m'chipinda chawo chapansi ku Gaithersburg. Iwo ankasamalira nkhalamba ina yachizungu, kuisambitsa ndi kuidyetsa, ndipo tsiku lina anamva mwana wa nkhalambayo akudandaula kuti akusowa munthu wa manja abwino. Atafika kunyumba sanayambe n'komwe avula nsapato.

"Tiyamike, paja kumudzi unali telala? Ndakupezera job. Si ya makina ayi, ndi yodula timapepala, koma ma papers sakufunsa. Mawa m'mawa ukhale ready."

Sindinafunse zambiri. Ndinali nditatha miyezi ndikungodya za eni, viza yanga itatha kalekale. Viza ikatha, khomo lotulukira limakhala lotsegula, koma ukatuluka sudzalowanso. N'chifukwa chake amayi anga atamwalira ku Mponela m'dzinja la chaka chomwecho, ine sindinapite. Maliro ndinawamvera pa foni, ndipo kadi imene ndinagula inatha nyimbo ya kumanda ili pakati. Palibe amene anandikakamiza kubwera kuno. Walira mvula walira matope.

Bwana wanga, mwana wa nkhalamba uja, anali Mayi Joan, mzimayi wa imvi, woseka ndi aliyense. Ankafuna kuti ndiziwaitana Joan basi, ngati mnzanga wa kusukulu, koma lilime langa linkakana kutchula dzina la munthu wamkulu lili lamaliseche. Iwonso dzina langa linawakanika, analidula n'kukhala Tia. Garaja ya nyumba yawo anaisandutsa malo a ntchito, ndipo m'menemo tinkapanga timakadi tating'ono, tausinkhu wa makadi a njuga, kalikonse kosiyana ndi kanzake. Ena ankagula timakadito pa misika ya zaluso ya Loweruka, ena ankangosinthana ndi tawo. Zopangira zake zonse zinali zotola. Tsiku loyamba ndinayang'ana mashelefu odzaza maenvulopu akale, mabatani osagwirizana, mapu ong'ambika ndi timatumba ta tiyi togwiritsa kale ntchito, ndipo ndinadzifunsa ngati ndinakwera ndege ulendo wonse uja kudzasanja zinyalala.

Koma ntchitoyo inali ndi malamulo ake. Maziko a kadi anali katoni ya mabokosi a zakudya, amene ndinkakatola kuseri kwa sitolo. Ndinkaidula ndi mpeni wa lumo motsatira rula yachitsulo, kenako n'kuipaka penti yoyera yokhuthala kuti zilembo za pabokosi zisaoneke. Ikauma tinkamatapo chimene Mayi Joan asankha: tsamba la buku lakale lonyikidwa mu tiyi, chidutswa cha mapu, kapena ngodya ya envulopu yokhala ndi sitampa yake. Guluu amapakidwa ndi burashi yafulati, kuyambira pakati kupita m'mbali, n'kutsindira ndi kagudumu ka labala kuti mpweya usatsalire m'kati. Ukapupuluma, pepala limachita makwinya ndipo kadi yawonongeka. "Pang'onopang'ono, Tia, guluu sathamangitsidwa," ankatero.

Pamwamba pa zonsezo pankakhala tsamba la mtengo. Inali nyengo ija masamba amafiira n'kuyoyoka kuzizira kusanafike, ndipo ogula ankafuna mitundu yomweyo: yofiira, yachikasu, ya lalanje, ndi ya dothi. Masamba enieni ankathetheka, choncho ambiri tinkawadula pansalu. Nsaluyo imayalidwa chafufumimba, kumbuyo kwake n'kuikako pepala la guluu wouma, kenako kusita ndi simbi yotentha kwambiri. Guluu amasungunuka n'kulowa mu ulusi, nsalu n'kuuma gwa ngati chikopa, ndipo sachokanso ngakhale muchape ndi sopo wanji. Ikazizira imayalidwa pathabwa. Pamenepo mumatenga chikombole chachitsulo chakuthwa m'mbali, chopindidwa ngati tsamba, n'kuchiika pamalo pamene mtundu wakoma, kenako kumenya ndi nyundo ya mtengo. Kumenya kawiri, tsamba lachoka, pansalu patsala bowo.

Tsiku lina ndinawauza kuti kwathu mitengo ya mombo imafiira masamba akamaphuka kumene, pomwe kuno amafiira akamafa. Anakondwera kwambiri, anati akawauza makasitomala. Ndi mmene analili Mayi Joan. Chilichonse chochokera kwa ine chinali nkhani yokoma. Nthawi yomweyo anati, "Tia, kwanu kuli nsalu zokongola. Uwauze abale ako atitumizireko zakale zimene sakuzifunanso."

"Tiona," ndinayankha.

Kwathu "tiona" ndi ayi wovala jekete. Aliyense amadziwa zimenezo, ndipo safunsanso. Ine ndinayesa kuti nkhaniyo yathera pomwepo.

M'masiku omwewo achemwali anga a Eneless anandiuza pa foni kuti zovala za malemu zinagawidwa. Zitenje zabwino za amayi zinali zitatu, ifenso ana aakazi tili atatu.

"Chako ndi chija ankavala Lamulungu, chofiira ngati katondo chija," anatero. "Tachisunga, tikungodikira wobwera kumeneko. Chiliza timanga mvula isanagwe. Tsiku limenelo ine ndi mng'ono wako tidzavala zathu, iwenso udzavale chako komweko. Amayi adzadziwe kuti ana awo akwana."

Kuyambira tsiku limenelo ndinalibe china choyembekezera koma chitenjecho. Sindinawagwire dzanja amayi akudwala, sindinawasambitse, sindinaponye dothi. Kanthu kamodzi kokha kamene ndikanatha kuwachitira kanali kuvala nsalu yawo pa tsiku lawo.

Anabwera nacho ndi Bambo Jafali, dalaivala wa pa ofesi ina ya kazembe, amene anali kumudzi patchuthi. Tinapangana kuti tikumane m'mawa pa siteji ya basi mu Massachusetts Avenue, iwo asanalowe ntchito. Anandipatsa jumbo yomangidwa ndi chingwe, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pepani ndi zovuta zija, mlongo." Ndinaikumbatira jumboyo m'sitima ndi m'basi osaimasula, chifukwa sindinkafuna kulira pakati pa anthu achilendo. Kunyumba sindinadutse, ndinali nditachedwa kale.

M'garaja munalibe munthu nditafika. Ndinalephera kupirira. Ndinapukuta tebulo, kusamba m'manja, n'kumasula chingwe. Chitenjecho chinkanunkhirabe utsi wa nkhuni ndi mafuta amene amayi ankadzola. M'mphepete munali kabowo kopsa ndi khala. Ngodya imodzi inali yokwinyika, pamene ankamangapo kiyi wa nyumba. Ndinaika nkhope yanga pamenepo, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni kwathu ndinamva kuti ndili ndi amayi.

Ndi mmene anandipezera Mayi Joan. Loweruka linalo kunali msika waukulu, ndipo nsalu za mtundu wa lalanje zinali zitatithera dzulo lake. Ataona chitenjecho maso awo anawala.

"Zafika, Tia? Taonetsa."

Anatambasula dzanja. Munthu wamkulu akatambasula dzanja umapereka, ndipo umapereka ndi manja awiri. Ndinapinda maondo pang'ono monga ndinaleredwera, n'kuchiika m'manja mwawo. Anachitambasula pawindo, akusisita maluwa ake achikasu ndi ofiira.

"Mitundu yake ndi yomwe ija tikuifuna. Tingagwiritse ntchito?"

"Ndi cha amayi anga," ndinatero m'Chingerezi changa, ndikuyang'ana pansi.

Amene anakulira kwathu wamva kale kuti ndinakana, ndipo ndinakana kwamphamvu. Munthu akapempha khasu, iwe n'kuyankha kuti ndi la malume, wopemphayo amapepesa n'kubwerera. Sumuuza kuti ayi m'maso muli gwa, chifukwa umenewo ndi mwano, makamaka kwa munthu wa imvi amene ukudyera m'manja mwake. Umamuonetsa mwini wa chinthucho, iye n'kudzibweza yekha, nonse n'kusiyana opanda manyazi. Zoti amayi anamwalira ndinali ndisanawauzepo Mayi Joan. Mawu amenewo ndinali ndisanawatchulepo m'Chingerezi.

"Amayi ako ali ndi diso losankha nsalu," anatero Mayi Joan. Anachipinda bwinobwino n'kuchiika pashelefu yapamwamba, kutali ndi guluu ndi penti. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinaona ngati amva, ndipo akundisungira. Kenako anati makatoni atha, ndithamangire kuseri kwa sitolo galimoto yotenga zinyalala isanadutse. Ndinatenga ngolo yanga ya mawilo awiri n'kupita.

Kusitolo kunali kutali pang'ono, ndipo mabokosi ambiri anali atanyowa, moti ndinatenga nthawi ndikusankha ouma. Pobwerera, ndili pangodya ya msewu wawo, ndinamva nyundo. Kumenya kawiri, kupuma. Kumenya kawiri, kupuma. Ndinadzifunsa kuti akudula chiyani poti nsalu zinatha. Miyendo inayankha mutu usanayankhe. Ndinasiya ngolo pamsewu pomwepo n'kuthamanga.

M'garaja munkanunkha simbi ndi guluu wotentha. Chitenje chinali pathabwa, chasitidwa chonse, chauma. Mayi Joan sanadule mwachisawawa, anali katswiri pantchito yawo. Anasankha paliponse pamene mtundu unakoma, pakati, m'mbali, ngakhale pangodya ya kiyi paja. Masamba anali mulu m'mbale, ndipo ena anali atamatidwa kale pamakadi amene ankauma pawindo.

"Taona mmene akukomera, Tia," anatero akumwetulira. "Ukawalembera amayi ako uwathokoze kwambiri."

Maliro a amayi ndinali ndisanalire. M'chipinda chapansi muja Mayi Nachisale anandigwira pakamwa tsiku la uthenga, akuti kuno ukabuma oyandikana nawo amaitana apolisi, ndipo ine ndi apolisi sitinkayenera kuonana. Ndiye kulira konse kuja ndinakumeza. Tsiku limeneli kunatuluka kokha. Ndinakhala pansi pasimenti, miyendo tambalale, manja kumutu, n'kubuma monga timabumira kwathu, ndikuitana mayi wanga. Nyundo inagwa m'manja mwa Mayi Joan.

Nditatha kulira ndinawauza kuti amayi anamwalira. Nkhope yawo inayera ngati penti ija tinkapaka pamakatoni.

"Bwanji sunakane?"

"Ndinakana."

"Unati ndi cha amayi ako."

"Ee."

"Ndinayesa kuti amayi ako anditumizira. Ndinakupempha kale, unati tiona. Unandipatsa ndi manja awiri, Tia, unagwada. Sunanene kuti ayi."

Anayamba kulira, ndipo chimenecho chinandikwiyitsa kuposa nyundo. Wofedwa ndinali ine, chitenje chinali changa, koma ndinapezeka ndikuwasisita pamsana n'kumawauza kuti musadandaule, palibe kanthu. Pakamwa panga pankatuluka ulemu wokhawokha. Anatolera masamba onse m'envulopu yaikulu. Amene anali pamakadi tinayesa kuwamatula ndi nsonga ya lumo, koma ankachoka ndi pepala la buku kumbuyo kwake, ena n'kung'ambika. Anandipatsa ndi makadi omwe. Ndinakwera basi ndi jumbo yomwe ija, itapepuka.

Mayi Nachisale anatambasula chitenjecho pabedi, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana iwe," anatero, "kuno no ndi no. Ukamuuza mzungu kuti ndi cha amayi anga, iye amva story. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Unkadikira kuti akutsekulire ndani?" Kenako anakhala pambali panga, n'kunena kuti, "Sorry, mwana wanga. Ndikanakuuza kale. Nanenso zinandionekera."

Ndine telala. Ndinadziuza kuti palibe nsalu imene ingandikanike. Madzulo alionse ndikaweruka ndinkayala chitenjecho pansi n'kumafunafuna bowo la tsamba lililonse, kuti maluwa agwirizane. Ena ndinawapeza malo awo. Koma singano ikalowa kawiri katatu inkatuluka itamata guluu, ulusi n'kuduka. Ndikakakamiza, m'mphepete mwa bowo munkasosoka, bowo n'kukula. Ndinati mwina madzi otentha angafewetse. Ndinachinyika m'bafa. Utoto unatuluka, madzi n'kufiira, koma guluu anatsala pomwepo. Chitauma ndinachinunkhiza ngodya zonse zinayi. Utsi uja munalibe, mafuta aja munalibe. Chinkanunkha ngati garaja. Madzi akatayika saoleka, ndipo amenewa ndinawataya kachiwiri ndi manja anga.

Tsiku la nyundo lija litadutsa, kuntchito ndinabwerera mawa lake lomwe, ndikanapita kuti? Ndinadula katoni, kupaka penti, kumata, kutsindira. Nyundo yokha ndinkaiopa, ndipo Mayi Joan anaona, anayamba kudula masamba ine ndisanafike. Sabata yotsatira anandibweretsera chitenje chatsopano, chogula kusitolo ya zinthu za ku Afirika, chobiriwira, chonyezimira, chokulungidwa m'pepala la mphatso. Ndinkafuna kuwafunsa ngati kusitoloko amagulitsanso amayi. M'malo mwake ndinalandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Panjira yopita kunyumba ndinadzida ndekha.

Tsiku la chiliza Mayi Nachisale anaitana amayi a kumpingo kuti tipemphere nthawi imodzi ndi akumudzi. Ena anachokera ku Woodbridge, atangoweruka kumene, akadali m'mayunifolomu a kuchipatala. Ine ndinali m'chipinda chapansi muja, ndaima ndi siketi yakuda, zitenje ziwiri zili pabedi. Ndikanavala chobiriwira chija, palibe akanadziwa. Koma a Eneless anati ndidzavale cha amayi, osati chitenje chilichonse.

Cha amayi chinkakana kuzungulira chiuno. Chinkapindika m'makona ngati katoni, ndipo pokwera masitepe chinkachita phokoso. Nditalowa pabalaza nyimbo inali itayamba, ndipo inazima pang'onopang'ono. Siketi yakuda inkaonekera m'mabowo onse, lililonse looneka ngati tsamba. Mayi Nachisale anaimirira, anamasula chitenje chawo cha m'chiuno, n'kundikulunga nacho pamwamba pa changa, n'kuchimanga okha ngati akuveka mwana. Atatero anayambitsanso nyimbo ija.

Tili m'kati mopemphera foni inalira. Anali a Eneless, ali kumanda pomwepo. Kumbuyo kwawo ndinkamva azimayi akuimba ndi fosholo ikukhula simenti.

"Wavala?"

"Ndavala."

"Ife tajambulitsa kuno. Nawenso ujambulitse utitumizire, tiziike pamodzi zitatuzo."

"Kuno kuli mitambo masiku ano," ndinatero. "Zithunzi sizikutuluka bwino."

Achemwali anga sanafune womasulira.

"Chitenje chatani, Tiyamike?"

Ndinawauza zonse, za makadi, za simbi, za nyundo. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndikanakonda akanatero. Iwo anapuma kwambiri, kenako anati, "Chabwino." Anapereka foni kwa amalume. Chabwino ameneyo nanenso ndinamumva bwinobwino, ndipo nkhani ya chitenje sitinaikambenso mpaka lero.

Masamba atatha kuyoyoka ntchito inathanso. Mayi Joan anati makadi a Khirisimasi apanga okha, n'kundifunsa ngati ndingadzabwerenso chaka chamawa. Ndinawayang'ana m'maso n'kunena kuti ayi. Liwulo linandiwawa potuluka, ngati ndatukwana. Iwo anangogwedeza mutu n'kunena kuti amvetsa. Sanakwiye, sanachite manyazi, sanaganize kuti ndine wamwano. Ndinaima pakhomo la garaja ndikuona kuti chinthu chimene ndinkachiopa chonsecho chinali chopepuka chonchi, ndipo ndikanachinena tsiku lija akanangobweza chitenje m'manja mwanga.

Ndagwira ntchito zambiri chichokereni m'garaja muja, ndipo zimene ndinaphunzira za guluu ndi burashi ndinaiwala. Chimene ndinasunga ndi liwu limodzi lomweli. Ndimalinena kwa mabwana, kwa madokotala, kwa abusa, osalizungulira. Atsikana ongofika kumene ndimawakhazika pansi asanayambe ntchito, n'kuwauza kuti alinene mokweza mpaka lilime lizolowere, iwo n'kumaseka poganiza kuti ndikucheza. Abale akumudzi amati Amereka yandiwononga, ndilibenso ulemu, ndipo sindiwatsutsa. Amayi anandilera kuti liwu limeneli ndisamalinene kwa akuluakulu, ndipo ndinawamvera. Chimene chinatsala pa kumvera kwangako chili pansi pa sutikesi, ndipo ngakhale khanda silingachifunde.